Katundu wadzaza, anthu akugona ndi njala: chimalakwika n'chiyani?

Mayi wina wa ku Chiputula, yemwe ali mu komiti ya m'dera yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, watilembera imelo. Akufunsa kuti: "Chivomezi chikagwetsa mzinda, moto n'kubukanso, bwanji thandizo limasokonekera chikhalirecho labwera lambiri? Ife kuno ku Mzuzu tingakonzekere bwanji?"

Mayi, zikomo. Nthawi zambiri katundu amakhalapo. Chosowa ndi kaundula wa anthu ovutika, komanso munthu mmodzi amene mawu ake onse akuwamvera.

Taonani za mzinda wa San Francisco ku America. Chivomezi chinagunda m'mamawa pa 18 April 1906, mapaipi akuluakulu a madzi n'kuphulika pansi. Ozimitsa moto anafika pamoto opanda dontho. Moto unayaka masiku atatu, n'kutentha nyumba pafupifupi 28,000, ndipo anthu oposa 200,000 anasowa pogona. Wina unayamba chifukwa chophika kadzutsa m'nyumba yomwe chumuni chake chinali chitang'ambika. Winanso anauyatsa ndi asilikali ndi ozimitsa moto omwe, pophulitsa nyumba ndi zida zophulitsira kuti adule njira ya motowo, ntchito imene ambiri sankaidziwa bwino.

Nanga wolamula anali ndani? Meya Eugene Schmitz anasankha komiti ya anthu 50, yomwe inkasamukasamuka pothawa moto. General Frederick Funston analowetsa asilikali mumzinda. A Red Cross nawo anabwera ndi dongosolo lawo. Zakudya zinkatsika m'sitima zapamtunda osawerengedwa bwino, ochenjera n'kumaima pamizere ingapo tsiku limodzi, pomwe nkhalamba ndi odwala sankatha n'komwe kufika pamzerepo. Ufa unachuluka, koma kuphika m'nyumba kunali koletsedwa, anthu ankasonkha moto mumsewu. Zinayamba kulongosoka mzinda utagawidwa m'zigawo 7, mabanja n'kulembedwa ndi kupatsidwa makadi olandirira.

Musati izi n'zakutali. Dziko lathu lili m'chigwa chomwe nthaka yake imagwedezeka: Salima mu 1989, Karonga mu December 2009. Ndipo mbaula, makandulo ndi mawaya a magetsi olumikiza mwachisawawa m'makomboni mwathu ndi moto wongodikira tsiku.

Yambani ndi kaundula, lero, kusanagwe kanthu. Gawani dera m'magulu a mabanja 20 kapena 30, gulu lililonse likhale ndi wolemba wake wodziwika kwa mfumu. M'kope mulembe mwini banja, chiwerengero cha anthu, ana osakwana zaka 5, amayi oyembekezera, olumala, ndi omwe amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku monga ma ARV kapena a shuga. Alendi alembedwe paokha. Apa m'pamene makomiti ambiri amapunthwa: amalemba landilodi, mabanja anayi a kuseri kwa nyumba n'kutsala. Makope akhale awiri, osungidwa m'nyumba zosiyana. Foni imatha moto, netiweki imagwa.

Kenako masamu. Muyezo womwe mabungwe othandiza amatsata ndi malita osachepera 15 a madzi pa munthu patsiku, ndi chimbudzi chimodzi pa anthu 20. Ndiye anthu 1,000 akasonkhana pabwalo la sukulu, mukufuna malita 15,000, omwe ndi zigubu 750 za malita 20, tsiku lililonse, ndi zimbudzi 50 zokumbidwa mamita osachepera 30 kuchoka pachitsime. Ufa, pa magalamu 400 munthu aliyense, ndi matumba 8 a makilogalamu 50 patsiku, osawerengera nyemba, mafuta ndi mchere. Madzi a mumpopi ochokera ku damu la Lunyangwa musawadalire, chifukwa mapaipi ndiwo amayamba kuduka. Lembani mijigo ndi zitsime za m'dera lanu, ndipo sungani klorini. Kolera sachedwa pamene anthu aunjikana.

Tsiku logawa, khomo lolowera likhale limodzi, lotulukira lina. Banja lionetse khadi, lidindidwe, wolandira asaine kapena adinde chala. Wowerenga katundu wotsika m'galimoto asakhale yemweyo wosunga kiyi wa mosungiramo. Mpingo kapena bungwe lobwera ndi thandizo lidzere ku khonsolo ya mzinda ndi a DoDMA (nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi) kaye. Likapanda kutero limangotsitsa pamene galimoto yafika mosavuta, a m'mbali mwa M1 n'kulandira katatu, a kumatsitso a ku Masasa osaona kalikonse.

Zovala zakale zosasankha zikanireni mwaulemu. Zimadzaza malo, n'kutenga anthu khumi kuzisankha. Pemphani malona, zidebe, mapoto, sopo ndi mabulangete, pakuti kuzizira kwa Mzuzu mu June mukukudziwa. Ndipo pasapezeke wokoleza mbaula m'tenti kapena m'nyumba yong'aluka. Pophikira pakhale pamodzi, pamtetete, kutali ndi mizere ya matenti, pali ndowa zamchenga pafupi.