Yankho kwa mchimwene amene wafunsa za ndalama zobetchera mpira

Achimwene, uthenga wanu ndauwerenga kawiri. Mwati munayamba kubetcha mpira miyezi iwiri yapitayo mutangolembedwa ntchito, ndipo mutabwerera m'mauthenga a Airtel Money mwapeza kuti mwezi watha wokha K60,000 inapita ku akaunti yobetchera, ma K1,000 ndi ma K2,000, inu osazindikira. Mukufunsa momwe mungayendetsere ndalamazi kuti kubetcha kuzikupatsani kangachepe kowonjezera pa malipiro. Ine ndabetcha zaka zingapo ndipo ndinapsapo, choncho ndikuyankhani mosapsatira.

Zoti kubetcha kuziwonjezera malipiro zichotseni m'mutu. Palibe kasungidwe ka ndalama kamene kangasandutse kubetcha kukhala ganyu, ndipo chifukwa chake chili mu ma odds omwewo amene mumawaona tsiku lililonse, manambala aja amene amachulukitsa nawo ndalama imene mwaika mukawina. Tinene kuti kampani yaika 1.90 kuti zigoli zipitirira 2.5, kutanthauza zitatu kapena kuposa, ndi 1.90 kuti sizifika. Inu mwaika K1,000 mbali iyi, mnzanu waika K1,000 mbali inayo. Kampani yalandira K2,000. Gemu ikatha mmodzi wa inu awina ndithu, koma apatsidwa K1,900. K100 yotsalayo ndi ya kampani, kaya mpira wayenda bwanji. Pa ma odds amenewa mufunika kulondola maulendo 53 pa 100 aliwonse kuti mungobweza ndalama yanu, ndipo apo sitinawerengere msonkho umene boma limadula pa zimene munthu wawina, kapena yolipira potapa ndalama kwa ejenti. Premier Bet, Betway ndi makampani ena onse amalipira antchito, lendi ndi zikwangwani za m'misewu kuchokera pa ka K100 kameneka. Sakuberani ayi, ndi momwe malondawo anakhalira.

Ndiye ndalama yobetchera muziiona ngati yolipira pageti pa Kamuzu Stadium, kapena imene mumapereka pa holo yoonetsa mpira wa ku England. Mwagula chisangalalo cha maola awiri, ndalamayo yapita. Ikabwerako ina, zikomo. Munthu akavomereza zimenezi mumtima, funso lake limasintha: salinso kufunsa kuti ndiwina bwanji, akufunsa kuti chisangalalo chimenechi ndingachigule ndalama zingati pamwezi osavulaza pakhomo. Funso limenelo lili ndi yankho.

Tsiku lolandira, musanatsegule n'komwe tsamba lobetchera, lipirani lendi, gulani ufa ndi ndiwo, mayunitsi a magetsi, madzi, patulani ya minibasi ya mwezi wonse, tumizani ya kumudzi, ponyani ku banki m'khonde kapena ku chipereganyu ngati muli nawo. Pa zimene zatsala, dzifunseni kuti ndi ndalama zingati zimene zitagwa m'thumba pa depoti mukhoza kudandaula tsiku limodzi kenako n'kuiwala. Imeneyo ndiye thumba lanu lobetchera la mwezi wonse. Kwa wina ndi K20,000, kwa wina K5,000, kwa wina palibe, ndipo amene wapeza kuti palibe asabetche mwezi umenewo. Inuyo, poti K60,000 yakupwetekani mpaka kulemba uthenga, thumba lanu lili pansi kwambiri pa pamenepo.

Ndalamayo muilekanitse ndi zinazo. Ngati malipiro ndi zogulira zapakhomo zimadutsa pa Airtel Money, yobetchera ikhale pa Mpamba, kapena mosinthanitsa. Ikani kamodzi pamwezi basi. Chimene chinakudyerani K60,000 si gemu imodzi yoipa, koma kuphweka kwa kuwonjezera. Ndalama ya m'manja imalemera poitulutsa, umaiona ikuchepa, pomwe ya pa foni imachoka ndi manambala anayi a PIN uli chigonere pabedi. Ikatha pa 14, yatha, mudikire mwezi wina. Mpira mukhoza kuonerabe, sunaletsedwe kwa amene alibe tikiti yobetchera.

Tsopano thumbalo muliduledule. Tinene kuti ndi K20,000. Ligaweni magawo 50, gawo lililonse K400, ndipo pa kubetcha kulikonse muziika gawo limodzi lokha. Mwawina dzulo, K400. Mwaluza dzulo, K400. Mtima ukukuuzani kuti lero palibe chokayikitsa, K400 yomweyo. Ndikudziwa kuti ikumveka yochepa, ndipo anzanu adzakusekani kuti mukusewera. Koma ngakhale pa zinthu zimene mwayi wake ndi theka kwa theka, kuluza kasanu kapena kasanu n'kamodzi motsatizana kumachitika kawirikawiri. Woika K400 akaluza kasanu n'kamodzi wataya K2,400, thumba likadalipo. Woika K4,000 akaluza kasanu watsala chimanjamanja, mwina sabata yoyamba isanathe.

Za gemu "yotsimikizika" ndikukumbutseni za mu November 2022 ku Qatar. Argentina inalowa m'bwalo itasewera magemu 36 osagonja, ili ndi Messi, ndipo inachinya koyamba. Saudi Arabia inawina 2-1. Argentina yomweyo inakatenga chikho pamapeto pake, kutanthauza kuti amene anaikhulupirira sanalakwitse kuiona kuti ndi yamphamvu, anangoluza tsiku limenelo. Amene anaika gawo limodzi anadandaula n'kupitiriza moyo. Amene anaika lendi chifukwa choti "iyi ndiye ndalama yaulere" anakafotokoza kwa alandilodi.

Pamene oyamba kumene ambiri amathera ndi pa tikiti yaitali, ya magemu khumi kapena khumi n'asanu, chifukwa pansi pake pamalembedwa nambala yokongola: waika K500, ukhoza kulandira masauzande ambirimbiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tengani magemu khumi, iliyonse timu yaikulu imene ili ndi mwayi 7 pa 10 woti iwina. Payokhapayokha zikuoneka zabwino. Koma kuti onse khumi atuluke momwe mwalembera, mwayi wake ndi pafupifupi 3 pa 100. Chinanso n'chakuti kagawo ka kampani kaja kamadulidwa pa gemu iliyonse imene mwawonjezera. Ngati pa gemu imodzi K1,000 imabweza pafupifupi K950 pakapita nthawi, pa tikiti ya magemu khumi imabweza pafupifupi K600. N'chifukwa chake makampani amakupatsani bonasi mukatalikitsa tikiti, ndipo n'chifukwa chake mawu akuti "yandiphera timu imodzi yokha" mumawamva Lolemba lililonse. Kuphonya ndi timu imodzi sikutanthauza kuti munatsala pang'ono, ndi momwe tikiti yaitali imafera nthawi zambiri. Ine ndimabetcha gemu imodzi, ndikachulukitsa ziwiri. Ngati mumakonda tikiti yaitali chifukwa cha kukoma kotsatira magemu ambiri Loweruka, ikhale imodzi pa sabata, ya ndalama yochepa kuposa gawo lanu lija.

Chimene ndikufuna muchimvetsetse kuposa zonse ndi kuthamangitsa ndalama imene yaluzika. Ine chinandigwetsa ndi chimenechi. Loweruka lina ndinaluza K5,000 masana pa gemu ya ku England. Mtima unawawa, ndinaika K10,000 pa ya ku Spain madzulo kuti ndibweze. Inapita. Pofika pakati pa usiku ndinali kubetcha matimu a dziko lakutali amene sindinkadziwa wosewera wake ngakhale mmodzi, chifukwa ndi okhawo amene ankasewera nthawi imeneyo. Kutacha, fizi ya mng'ono wanga imene mayi anandisungitsa inali itatha. Ndinakakongola katapila kuti asadziwe, ndipo pa K10,000 iliyonse ndinabweza K15,000. Zinanditengera miyezi itatu kuti ndiime. Usiku wonsewo sindinkaganiza za mpira, ndinkangofuna kuti kuwawa kuja kuchoke.

Mudzakumana ndi anthu okuuzani kuti mukaluza muzichulukitsa kawiri, tsiku lina mudzawina n'kubweza zonse. Werengani nokha: K500, K1,000, K2,000, K4,000, K8,000, K16,000, K32,000. Mukaluza kasanu n'kawiri mwataya K63,500, ndipo ulendo wotsatira mufunika K64,000 kuti pamapeto pake mupindule K500, ndiponso pokhapokha ma odds akhale 2.00. Malipiro anu amatha, a kampani satha. Choncho muike malire a tsiku musanayambe: magawo atatu akapita, foni pansi mpaka mawa. Malire oika mutaluza kale sagwira, chifukwa woikayo ndi munthu wokwiya. Pa chifukwa chomwecho musabetche mutamwa.

Kandege kaja, Aviator, masewera a juga a pa foni amene umayenera kutapa ndalama kasanagwe, musakayandikire ndi thumba limeneli. Pa mpira pali maola odikira, mutu umazizira. Kandege kamauluka n'kugwa m'masekondi ochepa, kenako kena, ndipo ndalama ya mwezi ikhoza kutha musanatsike minibasi. Palibe luso loti muphunzire pamenepo, ndipo ogulitsa mapulogalamu "olosera" pamene kagwere ndi akuba. Chimodzimodzi aja a pa WhatsApp, Facebook ndi Telegram ogulitsa ma fixed, magemu amene amati zotsatira zake zinakonzedweratu. Munthu wodziwadi zotsatira za gemu sangasowe K5,000 yanu. Ena amauza theka la anthu kuti iwina timu iyi, theka linalo kuti iwina inayo, kenako n'kumaonetsa umboni wa okhawo amene zawayendera.

Gulani kope laling'ono. Muzilemba tsiku, gemu, ndalama imene mwaika, ma odds ndi zimene zatuluka, chilichonse, ngakhale cha K200. Mutu wa munthu umasunga tsiku limene anawina K30,000 n'kutaya masiku makumi awiri amene ankaluza ma K2,000. Kope silikondera. Ine kope ndi limene linandionetsa kuti ndimaluza kwambiri pa timu imene ndimaikonda, ndipo kuyambira pamenepo Bullets ikamasewera ndi Wanderers ndimangoonera, sindiikapo kanthu.

Mukawina ndalama yooneka, itapeni tsiku lomwelo, musiye thumba pa mlingo wake wakale. Ndalama yokhala mu akaunti yobetchera imaoneka ngati manambala chabe, ndipo imabwerera kumene yachokera. Igulireni chinthu chogwirika, thumba la chimanga kapena nsapato za kuntchito. Muzibetcha ndi makampani okhawo amene ali ndi chilolezo cha MAGLA, bungwe loyang'anira juga ndi malotale m'dziko muno, kuti pakakhala mkangano wa malipiro mukhale ndi kokadandaula. Ndipo akaunti yanu musabwereke mwana wosakwana zaka 18, ngakhale akhale mng'ono wanu.

Pomaliza, mudziyang'anire pa izi. Tsiku limene mudzakongole ndalama yobetchera, kugulitsa katundu, kunamiza mkazi kapena makolo za kumene ndalama yapita, kapena kulephera kugona chifukwa cha tikiti, nkhani ya magawo 50 yatha ntchito. Pamenepo chofunika ndi kusiyiratu. Uzani munthu mmodzi amene mumamulemekeza, mupatseni asunge malipiro anu kwa kanthawi, ndipo pemphani kampani itseke akaunti. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amapereka uphungu kwa anthu amene chizolowezi chawamanga, ndipo kupitako si chamanyazi.

Kwa inu panopa, ndingakonde kuti mwezi uno muupumire wonse. K60,000 ija musaifunefune, yapita. Ngati mupirira masiku 30 osaika kanthu, mwezi wamawa yambani ndi thumba laling'ono ndi kope lanu. Ngati muona kuti masiku 30 akukukanikani, mundiuze msanga, tikambirane zina.