Yankho kwa achemwali ofunsa za iPhone X ndi Android yatsopano

Achemwali, mwati alongo anu a ku Johannesburg akufuna kukugulitsani iPhone X yomwe akhala akugwiritsa ntchito, pomwe ndalama yomweyo ingakugulireni Samsung kapena Tecno yatsopano konkuno, ndiye mukufunsa kuti mutenge iti. Ine ndagwirapo mafoni a mbali zonse ziwiri, ndipo iPhone X imeneyo ndikuti isiyeni. Foniyo ndi yabwino ndithu, koma yakalamba, ndipo ukalamba wakewo suonekera kunja.

Apple imapanga yokha foni ndi pulogalamu yoiyendetsa, ya iOS. N'chifukwa chake update ikatuluka imafika tsiku limodzi pa ma iPhone onse oyenera kuilandira, kaya muli ku London kaya ku Mzimba. Amasamaliranso mafoni awo kwa zaka zambiri: iPhone 6s ya 2015 inalandira iOS 15 mu 2021. Komabe malire alipo. iPhone X inatuluka mu 2017 ndipo inathera pa iOS 16. Ya XR ndi XS inathera pa iOS 18, ndipo iOS 26 ya mu 2025, yomwe inabwera pambuyo pa iOS 18, inayambira pa iPhone 11 kupita m'tsogolo. Mwina mukuti bola foni ikuyimba, za update n'zachiyani. Vuto limabwera ndi ma app. Mu 2025 WhatsApp inasiya kugwira pa iPhone iliyonse yomwe ili pansi pa iOS 15.1, ndipo amene anali ndi iPhone 6 anangotsala ndi foni yoyimbira ndi kujambulira. iPhone X ili pa mzere womwewo, yangotsala masitepe ochepa kuti ifike pakhomo. Ma app a banki nawonso amachita chimodzimodzi.

Ku Android nkhani yake ndi yosokonekera pang'ono. Google imapanga Android, kenako kampani iliyonse imaitenga n'kuiveka malaya ake, Samsung ndi One UI, Tecno ndi HiOS, Infinix ndi XOS. Update imadutsa m'manja mwa kampaniyo isanakufikeni, ndiye imachedwa, ndipo pa mafoni otchipa kwambiri nthawi zina Android yomwe munaigula nayo ndi yomweyo mpaka foni itafa. Kale apa ndi pomwe eni ma iPhone ankatisekera. Zinthu zasintha. Google inalonjeza zaka 7 za ma update pa foni yake ya Pixel 8 mu 2023, Samsung inalonjezanso zaka 7 pa Galaxy S24, ndipo ngakhale Galaxy A16, yomwe si ya mabwana, anailonjeza zaka 6. Ndiye mukalowa m'shopu musangofunsa kuti kamera ili ndi ma megapixel angati. Funsani dzina lenileni la foniyo, chaka chomwe inatuluka, muone kuti kampani yake inalonjeza zaka zingati.

Tsopano za moyo wa tsiku ndi tsiku, zomwe otsatsa malonda satchula. Ambirife timayenda ndi malayini awiri, Airtel ndi TNM, wina wa bandulo wina woti a kumudzi azitipezerapo, komanso Airtel Money ndi Mpamba. iPhone X imalowa simu khadi imodzi yokha. Malayini awiri anayambira pa XS ndi XR, ndiponso wachiwiriyo amakhala eSIM, simu ya m'kati mwa foni yopanda khadi, pa mafoni ambiri. Chenjeraninso ndi ma iPhone ochokera ku America kuyambira pa iPhone 14: alibe n'komwe kabowo kolowetsa simu khadi. Memori khadi nayo iPhone sinalolepo chiyambire. Mukagula ya 64GB ndiye yomweyo, ndipo mavidiyo a m'magulu a mpingo ndi a maukwati adzaidzaza miyezi isanathe. Apple imapereka 5GB yaulere pa iCloud, malo ake osungira zinthu pa intaneti, pomwe Google imapereka 15GB. Wayilesi ya FM, yomwe ma Tecno ndi ma Itel ambiri ali nayo, pa iPhone mulibe. Magetsi akazima bandulo itatha, mumakhala duu. Ndipo mnzanu akati ndikutumizire nyimbo pa Bluetooth, iPhone imakana, imafuna AirDrop, njira ya Apple yotumizirana zinthu, yomwe ma Android ambiri alibe.

Musaganize kuti ndikuinyoza. iPhone ndi yosavuta kuiphunzira, zinthu zimakhala malo omwewo chaka ndi chaka, kanema imajambula bwino kwambiri, ndipo siyibwera ndi ma app osafunika ndi zotsatsa malonda zomwe zimangotumphuka pa ma Android ena otchipa. Akuba nawo amavutika nayo. Ma app ake amachokera ku App Store, pamene pa Android munthu angathe kuika APK, fayilo ya app, yochokera paliponse, ufulu womwe wapweteketsa ambiri. Amene anaika GB WhatsApp n'kutsekeredwa nambala akudziwa zomwe ndikunena.

Kuvutika kwa akubako kunandigwera ineyo, osaba. Ndinagula iPhone kwa mnyamata wina m'tauni, yoyera bwino, yopanda ndi kachipsera komwe. Anandionetsa ikuyaka, ndinajambula chithunzi, ndinayimbira mayi a kunyumba, n'kulipira. Madzulo ndinati ndifufute zonse ndiyambe mwatsopano. Itayakanso inandipempha imelo ndi mawu achinsinsi a mwini wake woyamba, imelo yake ikungooneka chilembo chimodzi ndi timadontho. Imeneyo ndiyo Activation Lock. Ndinazungulira kwa okonza mafoni atatu, wachitatuyo anangoitembenuza m'manja n'kunena kuti andigule sikirini ndi batire basi. Nambala ya mnyamata uja sinapezekenso. Inu poti ndi alongo anu izi sizingakuchitikireni mwadala, koma anthu amaiwala. Ngati mungatenge iPhone iliyonse kwa iwo, atuluke mu iCloud ndi kuzimitsa Find My, yosakira foni ikasowa, foniyo isanakwere basi.

Batire nayo muiganizire. Foni ya 2017, ngati batire sanaisinthepo, siyingakufikitseni madzulo. Awuzeni alowe mu Settings, Battery, Battery Health, akutumizireni chithunzi. Ikakhala pansi pa 80 peresenti, Apple yomwe imati yatopa. Chingwe chake ndi cha Lightning, chifukwa USB-C inayambira pa iPhone 15 mu 2023, ndiye mukaiwala chaja kunyumba mudzafunsa ofesi yonse. Sikirini ikasweka, ya Tecno kapena ya Samsung A imapezeka mosavuta kwa okonza mafoni, ya iPhone yeniyeni mtengo wake umawawa.

Ndikanakhala inu, ndikanatenga Samsung ya mtundu wa A yatsopano, ya 128GB, RAM yosachepera 4GB, ndipo 6GB ngati thumba lilola. Zolembedwa Android Go, Android yopepuka ya mafoni otchipa, muzipewe ngati mumagulitsa malonda pa WhatsApp ndi Facebook, zimatopa msanga. Koma ngati mtima wanu uli pa iPhone, palibe cholakwa, awuzeni alongo anuwo akusakireni iPhone 12 kapena 13, muwonjezere ndalama. Mukatero, macheza anu a WhatsApp muwasamutse ndi app ya Move to iOS pa nthawi yomwe mukuyatsa iPhone koyamba, mafoni onse awiri ali pa chaja ndi pa Wi-Fi imodzi. Backup yanu ya pa Google Drive iPhone siyiwerenga, ndiye musafufute foni yakaleyo musanaone kuti mauthenga a makasitomala anu afika onse.