Sipika yabwino amapanga ndani, injiniya kapena woyimba?

Achimwene, pa funso lanu loti sipika yabwino amapanga injiniya kapena woyimba, ine ndingoti poyambira ndi masamu basi. Kukula kwa bokosi, bowo la bass, crossover (kachipangizo kogawa mawu okwera ndi otsika m'sipika), zimenezi khutu lokha silingakuuzeni ayi. Koma khutu nalo lili ndi mbali yake, Amar Bose, injiniya wa pa yunivesite ya MIT ku America, ankaimba violin ali mwana, mu 1956 anagula masipika omwe pa pepala anali bho koma kuwamvera anakhumudwa, mpaka 1964 anatsegula kampani yake ya masipika, Bose. Vuto la oyimbafe timakonda sound yomwe tinazolowera, tikangoona dzina pabokosi taweruza kale, n'chifukwa chake Floyd Toole, katswiri wofufuza za masipika ku Canada, ankabisa masipika kuseri kwa nsalu anthu akamamvetsera.