Yambani ndi gyuto, yanagiba idikire kaye

Achemwali, mwati mukufuna kugula mpeni wanu woyamba wa ku Japan, wosulidwa pamanja, ndipo maso anu agwera pa yanagiba chifukwa ndi wautali komanso wokongola. Ndikukumvetsani, koma ndikupempheni muudikire kaye.

Yanagiba ndi wodulira nsomba yaiwisi ya sashimi basi. Umanoledwa mbali imodzi yokha, ngati mipeni ina ya ku Japan yotchedwa deba ndi usuba, ndiye mukamadula kabichi kapena anyezi umakhotera kumbali pokhapokha dzanja litazolowera. Ngati ndinu amanzere, mufunika wanuwanu, ndipo mtengo wake umakwera. Pa ntchito za tsiku ndi tsiku gulani gyuto, mpeni wa kukhitchini wodulira nyama ndi zamasamba, wotalika 210 mm, kapena santoku, wofupikirapo, ngati manja anu ndi aang'ono. Onsewa ndi onoledwa mbali ziwiri.

Chomwe mukulipira kwenikweni ndi chitsulo ndi manja a amisiri. Ku Sakai, pafupi ndi Osaka, mpeni umodzi umadutsa m'manja mwa anthu angapo: wina amasula pamoto, wina amanola, wina amaika chogwirira, chomwe nthawi zambiri chimakhala cha mtengo wa ho ndi mphete ya nyanga ya njati. Luso lambiri linachokera kwa osula malupanga, makamaka boma litaletsa anthu kuyenda ndi malupanga mu 1876. Ku Seki, Sanjo ndi Echizen kulinso amisiri odalirika.

Pa chitsulo mudzamva za shirogami ndi aogami. Mayinawa anachokera ku mtundu wa pepala lomwe ankamata pa zitsulozo, loyera ndi labuluu. Zonse zimathwa modabwitsa koma zimachita dzimbiri msanga. Sankhani wa san mai, womwe pakati pali aogami koma m'mbali mwakutidwa ndi chitsulo chosachita dzimbiri. Mukadula mandimu kapena matimati, pukutani nthawi yomweyo. Kunsonga kukayamba kuoneka kotuwa kapena kabuluu, musade nkhawa, si dzimbiri ayi.

Chitsulo cholimba chimabenthuka. Ine ndinazionera ndekha: ndinkathyola fupa la ntchafu ya nkhuku ndi mpeni wanga, ndinangomva "tswi", ndipo kuyang'ana pa kuwala ndinaona kadzenje kakang'ono ngati njere ya mchenga. Ndinakhala madzulo onse ndikunola pa mwala kuti kachoke, mtima ukupweteka. Mafupa, nyama yowuma mufiriji ndi maungu olimba zisiyireni mpeni wanu wakale. Duliraninso pa thabwa, osati pa mbale kapena galasi.

Musagule mpeniwo opanda mwala wonolera. Miyalayi ili ndi manambala, ndipo wa nambala yaikulu ndiye wosalala kwambiri. Wa 1000 ndi wokwanira poyambira. Uviikeni m'madzi mpaka thovu lisiye kutuluka, kenaka nolani mofatsa mpaka chala chimve kamlomo kakang'ono mbali inayo, ndiye mutembenuze. Mukazolowera, onjezani wa 6000 wosalazira. Yanagiba mudzaugule dzanja lanu likadziwa mwala.