Digiri ya architectural engineering: mwana wanu azidzayesedwa bwanji, ndipo adzatuluka akudziwa chiyani?

Mayi wina wa ku Mufakose ku Harare wanditumizira imelo. Mwana wawo wamkazi wakhoza bwino masamu ndi physics pa A-Level, ndipo wapeza malo pa yunivesite ina ya kunja kuti akaphunzire architectural engineering. Sukuluyo yatumiza kabuku kofotokoza zimene wophunzira azidzatha kuchita akamaliza, ndi mmene malikisi amagawidwira. Mayiwa akufunsa kuti: "Kodi zolembazi n'zenizeni kapena n'zongokopera makolo? Nanga bwanji mayeso olemba ali ndi malikisi ochepa chonchi, pomwe ife tinazolowera kuti mayeso a kumapeto ndiwo amaweruza?"

Zikomo mayi. Choyamba, mudziwe kuti mwana wanu sakupita kukakhala architect. Architect amaganiza za maonekedwe a nyumba ndi kakhalidwe ka anthu mkatimo. Injiniya wa mtundu uwu ntchito yake ndi yoti nyumbayo iime osagwa, mpweya uziyenda, magetsi aziyaka, madzi azifika pamwamba. Mukapita m'tauni muyang'ane nyumba ya Eastgate. Inatsegulidwa mu 1996, anaijambula ndi Mick Pearce mogwirizana ndi mainjiniya a Arup. Nyumba ija imadziziziritsa yokha: usiku mafani amakoka mpweya wozizira wa Harare n'kuudutsitsa mu konkire, masana konkire yozizirayo imayamwa kutentha kwa m'maofesi, mpweya wotentha n'kutulukira m'machumuni a padenga. Munthu anayenera kuwerengetsa kuchuluka kwa mpweya wofunika ndi kulemera kwa konkire imene zipilala zinyamule. Pamenepo ndi pamene mwana wanu akulowera.

Tsono za kabukuko. Si zonse zili mmenemo zomwe zili zokopera. Bungwe la ABET, lomwe limavomereza maphunziro a uinjiniya ku America, limati digiri imeneyi ikhudze magawo anayi: mphamvu za chimango cha nyumba, makina a mpweya ndi madzi, magetsi, ndiponso kayendetsedwe ka ntchito yomanga. Silifuna kuti wophunzira adziwe onse mofanana ayi. Gawo limodzi afike poti angathe kupanga dizaini yekha, lachiwiri athe kuligwiritsa ntchito, awiri otsalawo awamvetse. Ine ndimakonda dongosolo limeneli chifukwa silinama. Sukulu imene ikulonjeza kuti mwana adzakhala katswiri pa zonse zinayi m'zaka zinayi, muikayikire.

Chimene ndingakupempheni n'chakuti mutenge lonjezo limodzi, mulilondole mpaka mupeze pamene limayesedwa. Ngati alemba kuti wophunzira azidzatha kukonza dizaini ya denga la konkire la nyumba yosanjikiza, payenera kupezeka projekiti imene iye amaperekadi mapulani, masamu ake onse, n'kuima pamaso pa aphunzitsi kufotokoza chifukwa chake wasankha zitsulo za makulidwe akuti. Ngati lonjezolo likuyesedwa ndi pepala la maola atatu lokha, ndiye kuti akuyesa kuloweza. Mwana akhoza kuloweza mafomula onse, koma kumuuza kuti dothi la pamalopo ndi lakuda lomwe limafufuma nthawi ya mvula, osadziwa pogwira.

N'chifukwa chake malikisi ambiri ali ku ntchito ya mkati mwa semesita. Ku labu amaumba timabuloko ta konkire n'kutiphwanya ndi makina patatha masiku 7 ndi 28 kuti aone mphamvu yake, kenako amalemba lipoti. Ku studio amajambula, aphunzitsi n'kumubweza, ajambulenso. Ana ambiri amalira ndi zimenezi, makamaka amene anazolowera kukhala nambala wani. Mayeso olemba ali ndi malo ake ndithu: masamu ndi mechanics zimafuna kuti munthu akhale yekha ndi pensulo, popanda mnzake womunong'oneza. Masiku ano pamene kompyuta ikulembera ana malipoti, ine ndingasangalale kuona kuti sukuluyo imafunsanso mafunso a pakamwa.

Pamene pamakhala chinyengo kwenikweni ndi pa ntchito ya m'magulu. Walira mvula walira matope: sukulu zimafuna ana aphunzire kugwira ntchito ndi anzawo, pakuti nyumba samanga munthu mmodzi, koma pagulu la anthu asanu pamapezeka wina amene dzina lake limangolembedwa pachikuto. Funsani ngati aliyense amapatsidwanso malikisi akeake pa gawo limene wagwira. Mufunsenso za attachment. Mayunivesite a kuno ku Zimbabwe anazolowera kutumiza ana ku makampani kwa nthawi yaitali asanamalize, ndipo olemba ntchito mu Harare amayembekezera zimenezo. Ngati kumeneko amangopita masabata ochepa a holide, mwana wanu azidzipezera malo omanga kuno akabwera kutchuthi, ndipo azisunga buku la zimene wagwira losainidwa ndi injiniya.

Chomaliza n'chimene makolo ambiri amachizindikira mochedwa, ndalama zitapita. Digiri ya kunja imafunika kuunikidwa ndi ZIMCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba ku Zimbabwe. Olembetsa mainjiniya ndi a Engineering Council of Zimbabwe, pomwe ma architect amalembetsa ku Architects Council of Zimbabwe, ndipo digiri imodzi sitsegula makomo onse awiri. Ngati mtima wa mwana wanu uli pa kujambula nyumba, maphunziro a architecture alipo ku yunivesite ya NUST ku Bulawayo. Ngati uli pa uinjiniya, lembani kalata ku sukuluyo muwafunse bungwe limene linavomereza pulogalamu imeneyi, osati yunivesite yokha, komanso ngati bungwelo lili mu Washington Accord, pangano la mu 1989 limene mayiko amavomerezerana madigiri a uinjiniya. South Africa ilimo kudzera mu ECSA, bungwe lake la mainjiniya, ndipo zimenezi zidzamuthandiza akafuna ntchito ku Johannesburg. Yankho lawo likabwera, mupite nalo ku maofesi a mabungwe a kuno musanalipire dipoziti.