Madala anga ndi msodzi wa mu Shire, kunyanja ya mchere gaidi ngwachiyaninso?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina wa ku Bangula, dzina sinditchula poti sanandiuze kuti nditero. Nkhani yake ndi iyi: bambo ake akhala akupha nsomba mu Elephant Marsh kuyambira ali kamnyamata, pano akula, mawondo ayamba kuvuta, ndipo chomwe amangonena masiku onse nchakuti mphamvu zisanathe akufuna akaone kumene madzi a Shire amakathera, akaponyeko mbedza olo kamodzi. Nde mwanayu wasunga kandalama kake, akufuna awatenge ku Mozambique akalowe m'nyanja ya mchere, zomwe apheko akawotche pamchenga pompo. Funso lake analemba chonchi: "Anthu akundiuza kuti ndilipire gaidi ndi boti lake. Koma madala anga ndi katswiri, nsomba amaidziwa kuposa aliyense, kumeneko sikutaya ndalama? Bwanji tingobwereka bwato tilowe tokha?"

Achimwene, takhuta kwambiri polemba, ndipo zomwe mukufuna kuwachitira bambozo zandikhudza, ambirife timakumbukira makolo atapita kale. Koma yankho langa sindizungulira nalo ayi. Lipirani gaidi. Bwato lobwereka lija lisiyeni, olo mwini wake atakupatsani ulere.

Ukatswiri wa bambo sindikuukana ngakhale pang'ono. Munthu amene wakalambira mu dambo lija amadziwa zinthu zoti ife sitingazione, amangoyang'ana mmene bango lapendekera nkudziwa kuti apa padutsa mvuu usiku, amadziwa pomwe mlamba wabisala m'matope, nthawi yotchera mono, pomwe chavi angagwire makakana ndi pomwe angangokodwa pachitsa, ndipo ng'ona amaiona inu musanaione. Koma zonsezi adaphunzira pamadzi oyenda njira imodzi. Shire amatsika basi, akadzaza ndi mvula, akaphwa ndi chilimwe, ndipo zimatenga masabata. Nyanja ya mchere imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku limodzi, maola pafupifupi 6 madzi akubwera, ena 6 akubwerera, ndipo mawa lake zonsezi zimachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangofa kumene mpamene madzi amakwera kwambiri nkuphwanso kwambiri, moti ku Beira kusiyana kwake kumapitirira mamita 6. Tangoganizani, kuposa denga la nyumba yanu.

Ine tsiku loyamba kufika ku Zalala, gombe lija lili makilomita pafupifupi 30 kuchokera mu tauni ya Quelimane, ndinapeza maboti ali gone pamchenga wouma, madzi ali kutaliii ngati achita kuthawa, azimayi akutola tinkhono pomwe ndimayesa kuti ndi bwalo chabe. Tinakhala pansi pa mitengo kudikira, ndipo pofika masana malo onse omwe ndinayenda ndi nsapato aja anali madzi okhaokha, maboti aja akuvina pamafunde. Mwini boti wathu, bambo wachikulire wolankhula Chichuwabo ndi Chisena pang'ono, sanayang'ane wotchi olo kamodzi koma anadziwa nthawi yokankha boti, ndipo pobwerera anatiuza kuti tikulunge zingwe nsomba zikudyabe nyambo, ine mtima unawawa koma anati tikachedwa ola limodzi polowera paja madzi otuluka akakumana ndi mafunde ochokera kunja ndipo pamakhala poipa. Tinadutsa nthawi yabwino komabe boti limakwera nkugwa ngati lithyoka pakati. Bwato losema la kwathu kuno, lomwe mu Shire limayenda bwinobwino, pamenepo funde limodzi lokha lalipidigula. Ndalama ya gaidi mukulipira chimenechi, kuti bambo abwerere ku Bangula ndi moyo.

China ndi nsomba zenizenizo. Bambo adazolowera kugwira mlamba ndi dzanja, nkhonokono amadziwa pogwira kuti minga isawabaye. Kunyanja kuli kampango wake wotchedwa bagre, maonekedwe ngati wa kwathu koma minga yake ili ndi ululu, ikakubaya dzanja limatupa tsiku lonse latha. Kuli raia, yaphanthiphanthi ngati lichero, imabisala mumchenga m'madzi osaya ndipo ili ndi munga kumchira. Kulinso kansomba kena kamene kamadzitupitsa ngati mpira ukakakoka, kameneko nkapoizoni, anthu amafa nako akadya. Barracuda ndi serra, nsomba zazitali zodya zinzake, mano ake ngati lezala, nchifukwa chake kumapeto kwa chingwe amamangako kawaya. Shaki ija amaitchula Zambezi shark dzinalo inalitengera poti imatha kukwera mtsinje wa Zambezi kulowa m'madzi opanda mchere. Munthu wa komweko amangoona mtundu wa nsomba ikadali m'madzi nkukuuzani kuti iyi kokani, iyi dulani chingwe.

Za komwe mungapite. Kuchokera kwathu kuno chapafupi ndi Quelimane kapena Beira. Mutulukira pa Marka kulowa Vila Nova da Fronteira, mutsike mpaka Mutarara, pamenepo pali mlatho wa Dona Ana wa njanji uja, wautali makilomita oposa 3 ndi theka, womangidwa m'ma 1930, tsidya lake ndi Sena. Kuchoka pa Sena mukafika pa Caia pamsewu waukulu wa EN1, kumanzere mukuwolokanso Zambezi kupita ku Quelimane, kumanja mukulowera cha ku Beira. Tengani mapasipoti, musadalire kapepala kodutsira pabodala kaja poti ulendowu ngwolowa mkati kwambiri, ndipo ndalama musinthe zikhale meticais. Chisena chanu chikuthandizani kwambiri mbali yonse ya Zambezi mpaka ku Beira, bambo akacheza ndi asodzi anzawo popanda womasulira. Koma ndikuuzeni zoona, mbali imeneyi madzi ake ngofiirira chifukwa cha matope a mitsinje, ndipo ambiri omwe mungapangane nawo ndi asodzi wamba okhala ndi boti la injini. Madzi obiriwira oona pansi mumawaona pa Facebook aja, ndi maboti okonzedwera alendo, zili kumwera ku Inhassoro ndi Vilankulo moyang'anana ndi zilumba za Bazaruto, kutali ndithu ndipo ndalama yake ndi ina. Kwa bambo okalamba amene akufuna kuona kothera madzi a kwawo, ine ndingasankhe Quelimane. Mathiriro enieni a Zambezi ali cha ku Chinde, komwe kale sitima zapamadzi zinkanyamukira kukwera mpaka kuno ku Nsanje ikadali Port Herald ndi ku Chiromo, koma kufikako nkovuta, musawavutitse nako madala.

Nyengo ya mvula musayerekeze. Kuyambira Novembala mpaka Epulo ndi nthawi ya anamondwe, ndipo ife a kuchigwa sitifunika kuuzidwa, Idai anagwetsa Beira mu Malichi 2019, Freddy analowera cha ku Quelimane komweko mu Malichi 2023 asanadzatipeze kuno. Misewu ya ku Mutarara nayonso ikanyowa ndi mavuto. Pitani mvula itatha, ndipo musapange pulogalamu ya tsiku limodzi lokha, ikani masiku awiri kapena atatu, chifukwa miyezi yozizira kumawomba mphepo ya kumwera yofanana ndi mwera wa ku Mangochi ndipo gaidi wabwino akaiona amakana kulowa. Akakana musamukakamize, ameneyo ndiye woyenera ndalama yanu.

Musanapereke kalikonse kaoneni botilo ndi maso anu. Malaifi jaketi alipo okwana aliyense, ndipo ngosang'ambika? Mafuta a injini ali pamtengo womwe mwagwirizanawo kapena mukauzidwa muli pakati pa madzi? Nkhafi zilimo injini ikazima? Foni yake ili ndi chaji, ndipo kumtunda kuli munthu amene akudziwa nthawi yomwe mukuyenera kubwerera? Ku Mozambique kuwedza kwa alendo kumafuna laisensi, mufunseni ngati akukonzereni ndi iyeyo kapena mukadule nokha ku ofesi ya za usodzi, ndipo risiti musunge m'kapulasitiki. Ndiye pali funso limene ambiri amaiwala nkukakangana nalo pagombe: nsomba zikaphedwa nzandani? Ine zinandionekera, ulendo wina ndi mwini boti wina tinapha serra yaikulu bwino, tikufika kumtunda anyamata ake ayinyamula kale kupita nayo kwa ogula, akuti mtengo tinapangana unali wa boti chabe. Zinandipweteka chifukwa inali nsomba yanga yoyamba ya m'nyanja. Panganani poyera, pamaso pa anthu, kuti yoyamba ndi ina yaikulu nzanu zowotcha, zotsala mugawana motere.

Za chizungulire musazipeputse poti bambo adazolowera bwato. Kugwedezeka kwa m'nyanja nkwina, kumakweza nkutsitsa pang'onopang'ono osaleka, ndipo kumagwetsa ngakhale asodzi a ku Lake Malawi. Agulireni mapilisi a nseru ku famase amwe musanakwere, ngati ali pamankhwala a BP kapena shuga mufunse adokotala kaye. Adye kaphala pang'ono, asapite ndi njala komanso asakhute zamafuta, m'botimo aziyang'ana kutali komwe madzi akumana ndi thambo. Chipewa, malaya a manja aatali, madzi akumwa ambiri. Maola 4 akwana, musawasunge tsiku lonse padzuwa.

Tsopano kuwotcha kuja, komwe ine ndimakuona kuti nkofunika kuposa kuwedza kwenikweniko, ndipo apa mpamene bambo atenge ulamuliro. M'boti amvere gaidi, koma mukangoponda mchenga mpeni apatseni iwo. Nsomba ya m'nyanja ngati serra imaonongeka msanga padzuwa, nde ikangokwera m'boti aidule pamakha magazi atuluke, ilowe mu kula bokosi ya ayisi kapena aikute ndi thumba lonyowa pamthunzi. Pagombe aitumbule, aitsuke ndi madzi a m'nyanja omwewo, osati a m'botolo. Pargo, yofiira ija, kapena garoupa, musapale mamba, ing'ambeni chakumsana muitambasule ngati mmene timachitira mphende yowamba, mbali ya mamba ndi imene igone kumoto, mambawo amakhala ngati mbale, mnofu supserera ndipo madzi ake sathawa. Serra ilibe mamba oti nkupala, imeneyo iduleni mapisi onenepa ngati zala ziwiri.

Moto ukhale wa makala kapena makoko a kokonati omwe ku Quelimane ali mbwee, kumbani kadzenje mumchenga kuti mphepo isamwaze phulusa, ndipo dikirani malawi athe kutsale makala ofiira otuwa pamwamba. Waya wowotchera tengani wanu kuchokera kunyumba. Mitengo ya m'matope a m'mphepete mwa nyanja ija musadule, ndi imene imatchinjiriza midzi ku mafunde komanso ndi momwe mumaswana tinsomba ndi camarão, zija pa Chingerezi amati prawns. Zokometsera sizifuna zambiri, mchere pang'ono, adyo wosinja, mandimu, piripiri, ndipo anthu a ku Zambézia amakama mkaka wa kokonati nkumawazapo nsomba ili pamoto, mmene amachitira ndi nkhuku yawo yotchuka ija. Nditaona koyamba mayi wina akupala kokonati pakampando ka mano, nkufinya ndi manja m'kabeseni, nkumadontheza pansomba ndi kanthambi, fungo lake linandipangitsa kuimirira pomwe ndinakhala. Mnofu ukayera mpaka pafupa nkumasiyana wokha ukaukhudza ndi mpeni, yapsa, chotsani, mukachedwa imauma ngati bakayawo.

Ndipo nyamulani ufa wa kwanu. Ndikunenetsa. Kumeneko akupatsani mpunga wa kokonati kapena chinangwa, nzokoma, koma munthu wa zaka zimenezo nsomba yopanda nsima sakhala kuti wadya. Kapoto, mthiko, ufa wa mapira ngati ndi umene amaukonda, muphike pamoto womwewo. Gaidi ndi anyamata ake aitaneni adye nanu mbale imodzi, mutu wa nsomba yaikulu upite kwa bambo, ndipo mudzaona okha akuyamba kufunsana za mbedza ndi mfundo zomangira, wina Chisena wina Chichuwabo, manja akuthandizira. Mukamachoka kwirirani makala ndi mchenga wonyowa mutathira madzi, ana amayenda opanda nsapato pamenepo, ndipo mapulasitiki ndi zidutswa za twaini mubwerere nazo.

Chomaliza, popita paja mukafika pa Caia musangodutsa. Pa Dona Ana madzi mukuwaona aja Shire sanalowemo, amakalowa kumunsi kwake, nde pofika pa mlatho wa Armando Guebuza, womwe unatsegulidwa mu 2009, mitsinje iwiriyi yakhala umodzi. Tsikani galimoto, mudzakwera ina, muwatengere bambo m'mphepete poonekera bwino, patali ndi madzi poti ng'ona ziliko, muwauze kuti madzi awa ena adutsa pa Chiromo ndi pa doko lawo lija masiku apitawa. Apatseni nthawi ayang'ane mmene akufunira.