Vitz kapena Fit, ya msewu wa Ulongwe ndi iti?

Achimwene ena a ku Ulongwe anditumizira imelo, akuti apeza Toyota Vitz ya 2003 ya injini 1.3 ndi Honda Fit ya 2004, mtengo ukufanana, nde akufuna yoti azinyamulira banja popita ku Tete komanso nthawi zina timatumba ta mbatatesi. Atenge iti?

Achimwene, ine ndikuti Vitz, bola ikhaledi ya 1.3 mwanenayo. Muonetsetse kuti injini yake ndi 2NZ-FE, poti ma Vitz ena a 1.3 a chaka chimenecho ali ndi injini ina komanso giyabokosi ina. 2NZ-FE taimingi yake ndi ya tcheni osati lamba, giyabokosi ikakhala otomatiki ndi wamba wa magiya 4, makaniko aliyense olo wa pansi pa mtengo wa mango amaidziwa, nde masipeya a Toyota ali mbwee ku Tete, akasowa mungodutsa pa Calomue kukawapeza ku Dedza kapena ku Lilongwe.

Fit sindikuinyoza ayi, ndimaikonda zedi. Thanki ya mafuta anaiika pansi pa mipando yakutsogolo, nchifukwa chake kumbuyo kuli malo ambiri, mukapinda mipando matumba amangolowa, pamenepo Vitz imachepa kutali. Mafutanso simamwa kwambiri. Koma vuto lili pa giyabokosi yake ya CVT, mtundu wa otomatiki wopanda magiya owerengeka, ma Fit oyambirirawa ambiri amanjenjemera ponyamuka, ndipo imafuna oyilo wake wa CVT, pomwe anthu kuno amangothira ATF, oyilo wa otomatiki wamba, poti ndi wotchipa, kenako mwini wake akaona zayamba kuvuta amaitsuka bwinobwino nkuigulitsa kwa munthu ngati inu amene mwasunga ndalama movutikira, zimenezi zimandiwawa kwambiri. Mukafunabe kuiyesa, iyendetseni mpaka injini itenthe, imani pachitunda, munyamuke pang'onopang'ono. Chiwongolero ndi mpando zikangoti gwedegwede, bwezani makiyi. Mufunsenso za mapulagi, injini ya 1.3 ili nawo 8, awiri pa silinda iliyonse, anayi akumbuyo aja ambiri sawasintha. Komanso ndi yotsika, msewu wa fumbi wa ku Domue kapena Tsangano nthawi ya dzinja izikhula pansi daily.

Iliyonse mungatenge, musaiwale kutentha kwa Tete. Ku Ulongwe kumazizira nde galimoto yodwala rediyeta imabisala, koma mukatsikira ku Moatize mu Okutobala dzuwa likupyola madigiri 40, kenako pobwerera mukwere mapiri muli anthu asanu, pamenepo mpamene imawira. Tsegulani chivindikiro cha rediyeta injini ili yozizira, madzi akakhala a dzimbiri kapena osakanikirana ndi oyilo, isiyeni. Muonenso ngati fani ikudzuka yokha.

Musanapereke olo metikali imodzi, nambala ya chasisi ifanane ndi yomwe ili pa livrete, chikalata cha galimotoyo, ndipo popita kukaiona mutengane ndi makaniko wanu, osati wa wogulitsayo.